Ndinabweza Mkaka wa Apongozi

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, chifukwa mulibemo kanthu kupatula mphere ndi mbuzi za eni. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Akuluakulunu mukukumbukira kuti panali miyezi imene bambo anu sankagona pakhomo pano, ndipo amayi anu anakuuzani kuti ndinali ku kosi. Kunalibe kosi iliyonse. Ndinachita kuthamangitsidwa, ndipo chinandithamangitsitsa ndi mkaka. Tsopano ndapuma ntchito, agogo anu aakazi anagona, ndiye ndati mumve kwa ine mwiniwake, musadzamve kwa anthu a pamaliro amene amathira mchere nkhani iliyonse.

Zaka za m'ma 1980, ku famu ya kufupi ndi Mikolongwe

Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa makola ndi kukama ng'ombe pa famu ina ya munthu, kufupi ndi Mikolongwe. Ndinali mnyamata wa ndevu zongoyamba kumene, ndipo kunena zoona ndinali ndisanamwepo mkaka wochokera ku bere la ng'ombe. Kwathu mkaka tinkaudziwa waufa, wa m'chitini, woonekera pa Khirisimasi basi. Wang'ombewo anthu ankati ndi wa makanda ndi azungu, munthu wamkulu ukamwa umatsegula m'mimba. Kapitawo wathu anali a Nakhumwa, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankakonda ng'ombe kuposa anthu ndipo sankabisa. Tsiku loyamba kukama anatunga mkaka wofunda m'ndowa n'kundipatsa. Ine ndinatseka maso n'kugugudiza ngati kwinini. Anandiyang'ana ngati ndawapondera chimanga, n'kufunsa ngati m'mimba mwanga muli moto woti ndizimitse. Anatunganso, n'kundiuza kuti ndisameze, ndiusunge m'kamwa, nditulutsire mpweya m'mphuno, kenako ndiwauze chimene ng'ombeyo inadya dzulo lake. Ndinaganiza kuti mkuluyu mutu sukuyenda bwino.

Koma anali kunena zoona. Patapita miyezi ndinayamba kumva. Mkaka wa m'dzinja, ng'ombe zikudya udzu wanthete, umakhala wopepuka, wotsekemera pang'ono kunsonga kwa lilime, ndipo fungo la msipu limabwerera m'mphuno ukameza. Wa m'chilimwe, zikudya mapesi ndi gaga, umalemera, mafuta ake amatsalira kukhosi. Ng'ombe ikadya makoko a nandolo, mkaka umakoma ngati mwasinjiramo mtedza pang'ono. Ikadya zitsamba zoipa umawawa kumapeto. Ndipo ukamva mchere, dziwa kuti bere likudwala, ngakhale ng'ombeyo ikuoneka yonenepa bwanji. A Nakhumwa anandiphunzitsanso fungo la mankhwala a jekeseni, limene limabisala kumbuyo kwa lilime ngati wanyambita ndalama yachitsulo. Tsiku lina anabweza ndowa ya mphwawo weniweni, amene anakama osasamba m'manja, ndipo mphwawoyo atadandaula anangomuyankha kuti, "Lilime lilibe m'bale." Ine ndinaseka nawo tsiku limenelo, osadziwa kuti mawuwo akundidikira kutsogolo.

Zaka za m'ma 1990, chikamwini

Amayi anu ndinawapeza ku tchalitchi, ndipo titakwatirana ndinabwera kudzakhala kuno kwawo, kufupi ndi Magomero, monga mwa mwambo wathu. Inu mwakulira m'nthawi imene mkamwini amakhala pampando umodzi ndi apongozi n'kumaonera limodzi mpira, ndiye mwina simungamvetse. Ife sizinali choncho. Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankayankhulana mwachindunji. Ukawaona akubwera panjira, unkapatukira kutchire n'kunjuta mpaka adutse. Ukafuna kuwauza kanthu, unkauza mkazi wako, ngakhale iwo ali pomwepo akumva. Sichinali chidani ayi, unali ulemu. M'makomo ena manyazi amenewa ankatha ana akabadwa, koma agogo anu anali a mwambo wakale, Mlomwe weniweni wophika kalongonda, wamasiye amene analera ana okha ndi khasu. Iwo sanathetse, ine sindikanayambitsa. Tinakhala bwalo limodzi zaka zambirimbiri, ine mawu awo ndikuwamvera kuseri kwa mpanda.

Kenako kunabwera ndondomeko ija yopatsirana ng'ombe, yoti wina akalandira ng'ombe, mwana woyamba wamkazi wa ng'ombeyo amapatsa mnzake. Agogo anu analandira thadzi lakuda la mawanga oyera n'kulitcha Dona. Abale inu, ng'ombe ndaziona zambiri, koma yosamalidwa ngati Dona sindinaionepo. Ankaimwetera nsenjere kudambo m'mawa uliwonse, m'munda mwa nsenjeremo osathiramo feteleza koma ndowe za Dona yemweyo. Ankaisungira makoko a nandolo m'matumba, ankaisambitsa bere ndi madzi ofunda, ankayankhula nayo Chilomwe. Dona atabereka n'kuyamba kukamidwa, m'mawa wina ndinatuluka n'kupeza pakhonde panga kapu yachitsulo yoyera ya mlomo wabuluu, yodzaza mkaka, yovindikira ndi tsamba la nthochi. Amayi anu anati amayi asiya, akuti poti inu ndinu odziwa, mulawe. Ndinalawa. Ana anga, ndamwa mkaka wa makola ambiri m'Chiradzulu muno, koma wa Dona unali wina. Unali wofunda, wolemera koma wosatopetsa, wotsekemera mosakakamiza, ndipo ukameza m'kamwa munkatsala mwayera, mopanda kafungo kalikonse kachilendo. Ndinatsuka kapuyo n'kukaiika pamtondo wawo. Mawa lake inabweranso, mkucha chimodzimodzi. Kucheza kwathu konse, ine ndi apongozi anga, kunali kumeneko: iwo kusiya pakhonde, ine kubweza pamtondo.

Zaka za m'ma 2000, pa thanki ya kufupi ndi Namadzi

Famu ija itagulitsidwa, gulu la alimi a ng'ombe za mkaka a dera lathu lino linandilemba ntchito yolandira mkaka. Tinali ndi kanyumba ka njerwa kufupi ndi Namadzi, mkati muli thanki yoziziritsira, kuseri kuli jenereta. Alimi ankabwera m'mamawa ndi zigubu pamutu kapena panjinga, n'kuima pamzere, ife n'kumayeza tisanathire mu thanki. Tinali awiri, ine ndi mayi Mpinga, mzimayi wamtali woseka kwambiri, amene anandipulumutsa kambirimbiri. Agogo anu akafika pamzere, ine ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti jenereta ikufuna kuonedwa, n'kupita kuseri, mayi Mpinga n'kulandira chigubucho. Mzere wonse unkadziwa, ndipo ena ankandiseka kuti jenereta imeneyi imadwala ikaona chilundu cha apongozi.

Mavuto pamenepo sankatha. Magetsi kuzima, dizilo wa jenereta kusowa, galimoto yodzatenga mkaka kufera panjira, ife n'kumayang'ana thanki ikufunda mitima ili m'mwamba. Mankhwala oyezera mkaka, ka sipiliti kaja ndi timapepala toonera ngati muli jekeseni, ankatha n'kukhala miyezi osabwera. Zikatero chotsala chinali mphuno ndi lilime langa. Wapampando wa gululo anali a Matewere, munthu wodziwa kuyankhula pamsonkhano, wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. Iwowa ndi amene anatipezera wogula wabwino, mayi wina wa ku Limbe amene ankagulitsa mkaka ndi chambiko kwa mabanja, komanso ankapereka ku nyumba ina yosungira ana amasiye. Mayiyu ankafuna chinthu chimodzi: mkaka wa ng'ombe zodya udzu wachilengedwe, wopanda mankhwala alionse. Ng'ombe ikabayidwa jekeseni, mkaka wake uzikhala kunyumba mpaka masiku amene alangizi a ziweto anena athe. Kamodzi wina anazembetsa chigubu chotere, chambiko cha mayiyo chinakana kugwira, ndipo ana ena anatuluka zidzolo. Mayiyo anabwera yekha ndi galimoto, osakhala pansi, n'kutiuza kuti zikadzachitikanso sitidzamuonanso. A Matewere anaitanitsa alimi onse n'kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo anandiloza ine pamaso pa anthu kuti amene a Alufeyo amubweza, wabwezedwa ndi gulu lonse. Anthu anawomba m'manja. Agogo anu analipo, ndipo nawonso anawomba.

Chilimwe cha chaka chimene Dona anadwala

Kunali kotentha, nthawi imene mango ali osapsa. Dona anatupa bere mbali imodzi, ankakankha akamakamidwa. Alangizi anabwera pa njinga yamoto, anaibaya, n'kunena pabwalo pomwe, ine ndikumva ndili m'nyumba, kuti mkaka wake usamwedwe kapena kugulitsidwa mpaka sabata yamawa. M'mawa mwake pakhonde panga panalibe kapu. Inu ana munamwa tiyi wakuda, ndipo wamng'ono wa nonse analira mpaka agogo anu anamupatsa nthochi. Ndinaona ndi maso anga agogo anu akukhuthulira mkaka kudzala, ndowa yathunthu, ataima pamenepo nthawi yaitali. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ng'ombe imadya ngakhale ikudwala, ndipo gaga wa kuchigayo satola. Iwo analibe kwina kotsamira koma Dona. Komanso chilandirireni ng'ombeyo anali asanajombepo pamzere, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa chovala chilichonse.

Pakati pa sabata imeneyo mayi Mpinga anaferedwa mlongo wawo ku Thyolo, n'kupita kumaliro. Mudzi wonse unadziwa kuti pa thanki ndatsala ndekha. M'mawa mwake ndikutulutsa njinga, amayi anu ananditsatira mpaka pampanda, n'kugwira chishalo. Sanandiyang'ane. Anati amayi akonza chigubu, akubwera lero, bere laphwa, mkaka ukuoneka woyera bwinobwino. Ndinati masiku sanakwane. Anati akudziwa, koma chigubu chimodzi mu thanki yonse ija angachimve ndani, ndipo ine ndingochita ngati masiku onse, ndipite kuseri kwa jenereta, iwo athira okha. Ndinafunsa kuti bwanji osawaletsa. Anandiyankha kuti, "Inu amayi mumawadziwa. Chonde bambo, musawachititse manyazi pagulu. Mukatero pano simukhalapo." Ndinakwera njinga n'kunyamuka.

Njira yonse ndinkakambirana ndi mtima wanga. Timapepala toyezera tinali titatha kalekale, ndiye palibe akanandigwira tsiku lomwelo. Mwina chambiko chikanagwira, mwina ayi. Mwina ana a ku nyumba ija sakanamva kanthu. Mbali inayi kunali nyumba yanga imene ndinaumba njerwa zake ndekha, pa dothi la eni, kunali amayi anu, kunali inu. Mkamwini alibe munda, alibe manda, ali ndi bulangete lake basi. Ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti agogo anu sanasankhe tsikulo mwangozi. Ankadziwa kuti mayi Mpinga akanawabweza mwaulemu n'kuseka nawo, koma ine sindingathe n'kuwayang'ana komwe. Ulemu wanga womwewo ndi umene anafuna kudutsirapo. Ndinakwiya, ndipo ndinkachita mantha, zonse pamodzi.

Mzere unali wautali tsiku limenelo. Ndinkalawa, kulavula m'kachitini, kuthira, koma maso ali kumsewu. Ndinawaona akutsika kamtunda, chigubu pamutu, khosi lili chilili. Anthu anayamba kutsokomola n'kumayang'anana, chifukwa njinga yamoto ya alangizi aliyense anaiona. Atafika kutsogolo anatula chigubu, n'kutembenukira kumbali monga mwa masiku onse, kudikira kuti ine ndichoke. Jenereta inali kuseri, mapazi anga ankaidziwa njira. Sindinachoke. Ndinatsegula chigubucho, chivindikiro chinandipulumuka, chinagwa pansi n'kugubuduzika, ndipo palibe anachitola. Ndinatunga pang'ono n'kuika m'kamwa, ndikupemphera kuti lilime lindinamize. Poyamba anali Dona yemwe uja, kukoma kuja ndinakuzolowera pakhonde. Kenako mchere unabwera. Kenako kumbuyo kwenikweni, kachitsulo kaja. Ndinausunga m'kamwa nthawi yaitali, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikalavula ndiyenera kuyankhula.

Ndinayesa kudzera njira ya mwambo. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wa m'mudzi woyandikana, ndinamupempha chapansipansi kuti awauze amayi kuti mkakawu ubwerere. Mayiyo anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti za m'banja mwathu tisamulowetsemo. Bambo wotsatira anayamba kumanga chingwe cha njinga chimene chinali chomanga kale. Panalibe wina. Ndinagwada, maso pansi, n'kunena mawu anga oyamba kwa apongozi anga chikwatirireni mwana wawo.

"Amayi, pepani. Mkaka uwu sulowa mu thanki."

Ndinkangoona mapazi awo, ong'aluka zidendene chifukwa cha mame a kudambo. Sanandiyankhe ine. Anafunsa mzere wonse, mawu ali pansipansi.

"Kodi amene akundiyankhulayu ndani?"

Ananyamula chigubu chija n'kuchipendeketsa pang'onopang'ono, mkaka wonse n'kukhuthukira pamene ndinagwadapo. Unanyowetsa mawondo a buluku, unalowa m'nsapato, unayenderera mpaka m'ngalande. Anatola chivindikiro, anasenza chigubu chopanda kanthu, n'kubwerera osathamanga. Ine ndinaimirira n'kuitana wotsatira, chifukwa galimoto ya ku Limbe sidikira. Ndinagwira ntchito mpaka kumapeto nsapato zikulira.

Masana a tsiku lomwelo nditafika kumudzi ndinapeza mphasa zayalidwa kale patsinde pa mango. Anabwera a Mulowa, mlongo wawo wa agogo anu, amene anali mwini mbumba, ndi azimayi a pabanjapo. Agogo anu anakhala kuseri kwa nkhokwe, pomvekera mawu. A Mulowa sanali munthu woipa, ndipo anayamba mofatsa. Anati mkamwini asamakule mwendo, anati ndadya za pamudzipo zaka zonsezi, ndamwa mkaka wa ng'ombe yomweyo ulere m'mawa uliwonse, lero ndaimika mayi wobereka mkazi wanga pamzere ngati wakuba. Anati mlanduwo ungathe ndi zinthu ziwiri: ndipereke nkhuku yopepesera, ndipo mawa pamzere ndinene pamaso pa anthu kuti lilime langa linalakwitsa, mkakawo unali wabwino. Ndinayankha kuti nkhuku ndipereka, ngakhale mbuzi, chifukwa manyazi ndawachititsadi ndipo mtima ukundipweteka. Koma zoti mkakawo unali wabwino sindinganene, chifukwa ndikanena, mawa aliyense wobayitsa ng'ombe abwera ndi chigubu chake, ndipo ine sindidzathanso kubweza munthu. Anandizungulira uku ndi uku mpaka dzuwa linapendeka. Mzimayi wina anati ndimadziona ngati dokotala. Wina anati mkakawo unalibe vuto lililonse, ndi nkhanza zanga chabe. Pamenepo mtima unandikwera, ndipo inu mukudziwa kuti bambo anu ukawakwera sabweza.

"Ngati unalibe vuto, bwanji kapu sinafike pakhonde panga sabata ino? Bwanji adzukulu awo akumwa tiyi wakuda? Ana a eni aja nawonso ndi ana."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a Chilomwe, aafupi, ndipo sindiwalemba pano. Amayi anu anafundira chitenje kumaso. A Mulowa anaimirira n'kusasa fumbi, n'kunena kuti basi, ayesetsa. Pamene ndinkafika pakhomo panga, bulangete langa linali kale pakhonde, lopindidwa bwinobwino, pamalo pomwe pankakhala kapu paja. Amayi anu ndi amene analipinda, atauzidwa, akulira. Sindinawaimbepo mlandu.

Miyezi ya m'kachipinda ka jenereta

Ndinakagona kuseri kwa thanki, m'kachipinda konunkha dizilo, pamatumba a gaga. A Matewere anabwera, anandigwira dzanja tili awiri, n'kunena kuti ndapulumutsa gulu lonse. Ndinawapempha kuti apite kwa a Mulowa akanene mawu omwewo, popeza iwo ndi amene anandiloza pamsonkhano paja. Anati za m'mabanja n'zovuta, aona tsiku labwino. Tsiku labwinolo silinafike mpaka anamwalira, ndipo ndikamakumbukira jekete lija ndimakwiyabe. Mayi Mpinga atabwerako kumaliro anangogwira pakamwa, n'kuyamba kundibweretsera mbatata yootcha. Agogo anu anasiyiratu kubwera pa thanki. Dona atachira ankakagulitsa mkaka m'mabotolo ku matiyirumu a pa Namadzi, pamtengo wolira, ndipo ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo pathu pantchitopo.

Amayi anu ndinkawaona Lamulungu ku tchalitchi, iwo mbali ya azimayi, ine ya azibambo. Potuluka tinkaima pang'ono kuseri kwa mpanda wa sukulu ngati achinyamata oba chibwenzi. Anawonda. Ankandiuza za inu, amene wadwala, amene wakhoza mayeso, ndipo tsiku lina anandiuza kuti a Mulowa ayamba kunena zoti ankhoswe akumane ukwati uthe mwadongosolo, mwana wawo asakhale pakatikati. Anandipempha kuti ndingonena mawu aja, ngakhale pamaso pa anthu awiri okha, Mulungu adziwa kuti ndanenera ana. Ndikuuzeni, ndinatsala pang'ono. Ndinkakusowani koopsa. Ndinkalawa mkaka wa anthu m'mawa uliwonse, wabwino ndithu, koma palibe umene unkandikomera, ndinkangomva ngati muli vuto kapena mulibe. Ndinawauza amayi anu kuti ngati ukwati ukutha, uthe ndili woona, ndipo anachoka osatsanzika. Lamulungu lotsatira sanaime kuseri kwa mpanda kuja.

Mvula yoyamba

Mvula inagwa, nsenjere zinaphuka, ndipo uthenga unandipeza kuti ankhoswe akumana Loweruka. Lachinayi lake m'mawa, kukuwaza, ndinali pakhomo pa thanki ndikulandira, mayi Mpinga ali pambali panga. Anandigunyuza ndi chigongono. Agogo anu anali pamzere, chigubu pamutu, thumba la pulasitiki pamapewa. Mayi Mpinga anandinong'oneza kuti ndipite ku jenereta, ndipo ndinayambadi kutembenuka. Koma agogo anu atafika kutsogolo anawalambalala mayi Mpinga ngati mtengo, n'kutula chigubu pamapazi panga. Anatsegula okha. Anapisa m'chilundu n'kutulutsa kapu yoyera ija ya mlomo wabuluu, anaitunga yodzaza, n'kundipatsa ndi manja awiri. Nkhope anayang'anitsa kumbali, koma mawu ankauza ine.

"Lawani."

Ndinalandira nditagwada. Ndinkadziwa kuti ngati muli mchere ndibwezanso, ndipo Loweruka sipadzakhala chokambirana. Ndinaika m'kamwa, ndinatulutsira mpweya m'mphuno monga anandiphunzitsira a Nakhumwa. Msipu wanthete wa mvula yoyamba. Kutsekemera kuja kunsonga kwa lilime. Ndinadikira mchere, sunabwere. Ndinadikira kachitsulo, kunalibe. Pantchito sitinkameza, tinkalavula, koma tsiku limenelo ndinameza, ndinamwanso, mpaka kapu inatha, mzere wonse ukundiyang'ana, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Ndinauza mayi Mpinga kuti athire mu thanki. Kenako ndinatambasula manja kuti ndibweze kapuyo, koma agogo anu anali atasenza kale chigubu. Anayankhula akuyang'ana kumsewu.

"Kapuyo malo ake si pano. Ikapezeke pamtondo dzuwa lisanalowe."

Mtondowo unali m'bwalo lathu, mkati mwa mpanda umene ndinaletsedwa kulowa. Ndinamanga bulangete panjinga masana omwewo.

Ankhoswe sanakumane. Nkhuku ndinapereka, inadyedwa. Agogo anu sananene kuti analakwa, inenso sindinabweze mawu anga, ndipo palibe anafunsanso. Tinabwerera ku mwambo wathu, ine kupatuka panjira, iwo kuyankhula kudzera mwa amayi anu, mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Mawu onse amene anandiyankhulapo ine mwachindunji m'moyo wawo ndi amene ndalemba pamwambawa. Koma kapu sinajombenso pakhonde, kupatula masabata amene ng'ombe yabayidwa, ndipo masabata amenewo chigubu chawonso sichinkaoneka pamzere.

Inu mukabwera kuchokera kutauni ndi mkaka wanu wa m'mapaketi, mumandiseka kuti ndimamwera m'kapu yosupuka, ya dzimbiri pachogwirira, pamene munandigulira zadothi zokongola. Wina wa inu chaka chatha anafuna kuisandutsa yomwera nkhuku. Tsopano mwadziwa. Ng'ombe ili m'kholayi ndi mdzukulu wa Dona, nsenjere ndi za dambo lomwe lija, ndipo amayi anu ndi amene amasiya kapuyo pakhonde m'mawa. Ndikadzapita musadzaitaye. Muzidzaitsuka ndi madzi otentha okha, sopo ayi, amaononga kukoma kwa mkaka.